Tinthambi ta Sadaka ya a Bassou

9 Meyi, Lachiwiri

Mphepo yochokera kuphiri tsiku lonse. Zoyerazi zadanso. Amene analamula kuti mkazi wamasiye avale zoyera miyezi inayi ndi masiku khumi, ndikulumbira, sanakamepo mbuzi.

Lero ndaona chinthu pa Nkhalamba, mtengo wathu wa maapozi wapabwalo. Amuna anga a Bassou ankati ameneyo ndiye mkazi wawo wamkulu, ine wachiwiri. Nsonga zingapo zada bii ngati wina wadutsitsapo muuni. Zapinda mitu. Masamba auma koma sakugwa. Ndagwedeza nthambi ndi manja awiri, osagwa ndi limodzi lomwe. Pakhungwa timadontho toyera, tomata. Ntchentche zangoti mbwee.

Ndaitana Tuda wa kuseri kwa mpanda. Ndati n'chisanu. Iye: "Chisanu chanji chosankha mtengo umodzi, Yamna?" Pakamwa pa Tuda, Mulungu amukhululukire.

A Bassou akanangoyang'ana kamodzi. Zaka zonsezo akumezanitsa mitengo ya chigwa chino, mpeni kudzanja, kanthambi kukamwa kuti kasaume. Munthu kuwapatsa moni, iwo kungoti "mm". Ine changa n'kuthyola ndi kusankha m'mabokosi. Za matenda sindidziwa.

Mafuta ophikira atsala pang'ono.

12 Meyi, Lachisanu

Alamu a Moha, mng'ono wa a Bassou, afika kuchokera kumzikiti nkhope itagwa. Akuti atatha mapemphero anaimirira munthu wa ku ofesi ya zaulimi ndi pepala. Chiwawu, matenda a mitengo, chalowa m'chigwa. Chija tinkangomva kuti chinamaliza minda ya kumunsi.

Lamulo lake, mmene andiuzira. Woona mtengo wowauka anene msanga. Wobisa alipira chindapusa. Mtengo wodwala azula ndi mizu yomwe, autentha pomwepo, nkhuni zake osatolako. Kanthambi, mbande, mng'oma wa njuchi, palibe chotuluka m'chigwa. Pamlatho aikapo apolisi.

Zonsezi akunena maso ali pa Nkhalamba. Tiyi kuzizira m'tambula. Kenako: "Alamu, kanthambi munandipatsa kaja, nako kada."

Ndinangoima, thireyi m'manja.

Tsiku la makumi anayi la maliro lija. Nkhosa ya sadaka ndinalibe, chakudya chinali kusikusi wa maungu basi. Shehe anali atanena kuti munthu akasiya mtengo, aliyense wodyako chipatso, ngakhale mbalame, mphotho imamupeza mwini wake m'manda. Ndiye ndinatenga mpeni wa a Bassou, ndinadula tinthambi ta Nkhalamba, ndinang'amba nduwira yawo yachikasu, kanthambi kalikonse ndi kansalu kake komangira. Aliyense amene anabwera anapita ndi kamodzi. Amuna a ndevu analira. Shehe anati sadaka yotere sanaione chibadwire. Ndinanyada, ndisaname. Ndinati a Bassou azidya maapozi m'manda mpaka tsiku lachiweruzo.

A Moha pochoka: "Mwina si zimenezo." Kunama satha, ngati akulu awo.

13 Meyi, Loweruka

Ndayenda m'mbali mwa ngalande mpaka kuchigayo. Kupitirira apo sindiloledwa, koma maso afika.

Tinsalu tachikasu. Kwa a Moha. Kwa Tuda. Kwa shehe. Kwa anthu amene ndinaiwala kuti anabwera. Ndinali ndisanationepo tonse tsiku limodzi. Anamezanitsa pamalo aulemu, mtengo wapakhomo, mtengo wapakati pa munda. Pamwamba pa kansalu kalikonse pada. Kwina kwatsikira kale m'nthambi za mwini mtengo.

Nsonga zopindikazo zinkakhala ngati zonse zaloza ine. Ndikudziwa kuti ndi mphepo.

Masana, nthawi ya swala, ndamva mpeni ukutsekeka pabwalo. Kha! Mmene a Bassou ankautsekera pantchafu. Ndatuluka. Nkhuku zokha. Mpeni uli pashelefu pomwe ndinausiya mu Malichi.

Sindinadye.

14 Meyi, Lamulungu

Uchitsiru. Ndakwera pampando, ndathyola nsonga zonse zakuda zimene dzanja lafika, ndaponya m'ng'anjo ya buledi. Ndati a ku ofesi akabwera aone mtengo wabwinobwino. Manja kumata, sopo osachotsa.

Madzulo ndatuluka kukatsekera mbuzi. Zina zapinda kale, pamwamba pomwe sindifika.

Ndamulankhula mtengo. Ndati iwe, mitala takhala zaka zonsezi osakangana, lero wandichita zotani? Tuda anamva kuseri kwa mpanda. Sanaseke. Ndikanakonda aseke.

16 Meyi, Lachiwiri

Abwera. Galimoto yoyera ya ku ofesi. Mtsikana, dzina lake Ghizlane, msinkhu wa mwana wanga Itto. Jombo za mphira, chitini cha penti. Asanalowe watsuka jombo m'beseni la mankhwala, potuluka watsukanso, ngati kwanga kuno n'kuchimbudzi. Ndinafuna kumulalatira. Koma wanditchula azakhali, ndipo wapepesa maliro asanayang'ane mtengo.

Za nsonga ndinathyola zija wangoyang'ana, wandiyang'ana. Wapala khungwa la nthambi yaikulu. Mkati mofiirira ngati nyama yoyamba kuwonongeka. Akuti chilonda ichi n'chachaka chatha, matenda anagona mmenemo nyengo yonse yozizira. Ndiye pamene a Bassou ankatsokomola m'nyumba, mkazi wawo wamkulu naye anali akudwala panja.

Ndakumbuka mu Disembala, kukuzizira, ataima pansi pake nthawi yaitali, chala pakhungwa, duu. Anaona? Ngati munaona, bambo inu, osandiuza bwanji? Tsiku limenelo kukamwa kunalibe kanthambi.

Penti yofiira pathunthu.

Wafunsa amene analandira tinthambi. Ndati tsatirani nsalu yachikasu, mwana wanga, simusochera. Kenako iye: "Nanga kunja kwa chigwa, azakhali? Palibe kanatuluka?"

Ndati palibe.

Kalipo. Kotalika kuposa tonse, ngati mkono wanga, ndinasankha ndekha. Ndinapatsa Itto. Itto wanga mmodzi yekhayo, wokwatiwa chaka chatha ku Tagbalut, kuseri kwa phiri, m'nyumba ya a Haji Lahcen. Minda ya a Haji munthu kuyenda mpaka miyendo kuwawa. Akazi awo mpaka lero amauza alendo kuti mwana wawo anatola mwana wa waganyu. Ndiye afike a boma ndi penti yofiira, kufunsa kuti mtengwa wanu anabwera ndi chiyani kuchokera kwawo?

Ayi. Ndati palibe, ndipo ndabwereza.

19 Meyi, Lachisanu

Dzana m'mawa kansalu kachikasu pachitseko, komangidwa pachogwirira. Dzulo tiwiri. Lero ndatsegula, tambiri. Tina pansi, tina pamwala umene a Bassou ankakhalapo ponola mpeni.

Anthu akumasula kuti Ghizlane asazindikire. Kutaya sangathe, ndi nsalu ya malemu. Ndiye akubweza. Palibe amene ndamuona. Palibe wagogoda. Galu sanauwe.

Sizithandiza. Chipsera cha mpeni chimaoneka, ndipo mtsikana uja si wakhungu.

Ndatitolera m'dengu. Tikununkha utomoni, ndi kafungo kena, ka mutu wawo, mafuta aja ankadzola Lachisanu. Nsalu yoti yakhala padzuwa ndi pamvula kuyambira Malichi! Sindikudziwa. Ndatsekera m'bokosi, fungo lili panja.

Tuda pampanda, osandiyang'ana: "Ndiwe unati atsate nsalu?" Ndati ndine. "Chifundo chidapha nkhwali, Yamna. Koma chako chapha ndi ife tomwe." Mitengo yake yonse ya m'mphepete mwa ngalande ili ndi penti. Ndi imene amati adzaphunzitsira ana.

Ndamuyankha kuti sindinakakamize munthu, anatambasula manja okha. Mawu oipa. Anatuluka ndisanawagwire.

21 Meyi, Lamulungu

Itto waimba foni. Mawu ake ngati kale asanakwatiwe.

"Amayi, ababa agwira!" Akuti anamezanitsa pamtengo wapakati pa bwalo, a Haji analamula okha. Masamba obiriwira, mphukira zikukula tsiku ndi tsiku. Akuti apongozi ake aakazi anathirira ndi manja awo. Akuti tsopano amamuitana dzina, osati "iwe apo".

Ndipo ndi woyembekezera. Wachita kunong'ona. Sanauze wina koma mwamuna wake.

Ndinali nditakonza mawu. Kuyambira m'mawa ndikuwabwereza kwa mbuzi. Itto, pita ukadule, uponye m'ng'anjo, usafunse. Ndatsegula pakamwa, chotuluka: uzidya mazira, usamanyamule madzi.

"Kwathuko kuli bwanji? Tamva za chiwawu." Ndati ndi kumunsi, kwa ena.

Kobiriwira. Mwina kameneko kanali kabwinobwino. Ndinadula kunthambi ya kum'mawa, kutali ndi chilonda. Kapena ya kumadzulo? Ndaima pansi pa Nkhalamba kufunafuna pomwe ndinakadula mpaka khosi kuwawa. Zipsera zonse n'zofanana.

22 Meyi, Lolemba

Kugolosale. Amayi atatu anali akucheza pakhomo, nditafika aliyense anakumbuka mphika pamoto.

Bambo wa njuchi uja anali mkati. Chaka chilichonse amabwera ndi ming'oma yake nthawi ya maluwa, maluwa akatha amasamukira kwina. Chaka chino amutsekera. Njuchi zilibe chodya, akuzipatsa shuga wogula. Sandidziwa. Anali akuuza wagolosale kuti akumva kuti zonsezi wayambitsa ndi mfiti ina yamasiye, yogawa timitengo ta kumanda. Wagolosale kutsokomola, kumutsinzinira, iye osamva.

Ndati, "Mfitiyo ikufuna mafuta theka la botolo." Anafota ngati tsamba. Ndinatuluka mutu uli m'mwamba, ndinakalirira kuseri kwa chigayo.

24 Meyi, Lachitatu

Nkhalamba kulibe.

Amuna anayi, makina ochekera, makasu, chigubu cha dizilo. Mtengo umene anadzala agogo awo a Bassou wagwa madzi a tiyi asanawire. Mizu ndiyo inakana, anakumba mpaka masana. Mmodzi mwa iwo anaphunzira kugwira mpeni kwa a Bassou. Sanandipatse moni, ndipo ndamuthokoza mumtima.

Mtengo wauwisi suyaka msanga, umayamba walira. Thovu kumapeto kwa zipika, psiii. A Moha anachoka zili pakati. Ine ndinakhala pakhomo mpaka phulusa. Wina ayenera kukhalapo. Zoyera zanga zasanduka zotuwa.

Shehe anadutsa. Wake anatentha dzulo. Ndamufunsa mafunso awiri. Mtengo ukapsa, mphotho ija imaleka? Nanga sadaka ikabweretsa tsoka amalembera ndani, wopereka kapena amene anamuperekera? Wati Mulungu amayang'ana cholinga cha mtima. Ndati zimenezo ndikudziwa, a shehe, ndafunsa za a Bassou. Wayang'ana dzuwa, wati nthawi ya swala yakwana. Inali isanakwane.

Pabwalo dzenje. M'nyumba mwawala kwambiri, mpaka pakona pomwe a Bassou ankagona. Sindinkadziwa kuti mthunzi wonse uja unali wa mtengo umodzi.

26 Meyi, Lachisanu

Utsi chigwa chonse. Buledi utsi, mkaka utsi. A Moha akuti amaliza, m'chigwa chino mulibenso kanthambi ka a Bassou ndi kamodzi komwe. Katsala ka kwa Itto.

Ndawalota a Bassou. Ataima m'dzenje lija mpaka m'chiuno, kanthambi kukamwa. Akufuna kunena kanthu, kanthambi kakuwatsekereza. Ine ndikuti lavulani, bambo, lavulani. Iwo "mm, mm". Ndadzuka nditakwiya. Moyo wonse "mm", ndi kumanda komwe "mm".

Ghizlane wabwera kudzaona ngati mizu inatha m'dzenje. Wamaliza, osachoka. Ndamupatsa tiyi. Maso ofiira ndi utsi. Akuti ana akumugenda galimoto, ndipo dzulo mkulu wina anamugwadira, kumugwira jombo. Mwana wa eni ake, waonda. Kenako, maso ali m'tambula: "Azakhali, kulikonse kumene ndapita, kanthambi kabwino koposa mayi amapatsa mwana wake wamkazi."

Kaya wamuuza ndi Tuda, kaya ndi nzeru zake.

Akuti kumtunda kozizira matendawa amachedwa kuonekera, nthambi imatha kubiriwira ili nawo. Kukangofunda, kugwe kamvula, ntchentche ndi njuchi zimamaliza ntchito. Nthambi imodzi yodulidwa msanga ikhoza kupulumutsa chigwa. Koma iye lamulo silimulola kupita mwakachetechete. Akapita, apita ndi penti, ndi apolisi pamsewu, ndi pepala lowerenga kumzikiti, dzina la nyumba lili pomwepo. Wasiya nambala ya foni pansi pa tambula.

Ndaganiza. Lachiwiri zoyera zitha, ndiloledwa kugona kunja kwa nyumba ino. Ndipita ndekha. Nthambi imodzi, mpeni umodzi. Ndikadula mmunsi ndithu, ndikaponya m'ng'anjo, ndikati ndinaitsamira mwangozi, inathyoka. Andiseke, mayi wa kumudzi wosadziwa kuyenda m'nyumba za anthu. Itto alire, adane nane chaka chimodzi. Koma penti isafike pakhomo pake.

Ndipo a Bassou atsala opanda mtengo. Ndi dzanja langa lomwe. Ichi ndiye chikundiwawa, ndalemba kuti ndichione.

27 Meyi, Loweruka

Kwafunda. Masana mitambo, kenako mvula kuphiri, mbali ya ku Tagbalut yeniyeni. Ndaima pakhomo kuiyang'ana ngati munthu wochita kuitumiza.

Pakadafunda padajiwitsa galu, ndikudziwa. Ndanyamula foni, ndaika pansi, ndanyamulanso. Itto akadula yekha, apongozi ake amufunsa, ndipo Itto kunama satha, ndi magazi a kwa bambo ake. Nditani, ndilumphe phiri ndi zoyera, anthu aziti sanadikire n'komwe?

Kha! pabwalo, kawiri. Sindinatuluke.

29 Meyi, Lolemba

Tsiku lomaliza. Mwambo wake amayi amabwera ndi hina wopaka m'manja ndi diresi lamaluwa, kukuvula zoyera, kukuseketsa. Ine ndachitira amasiye angati m'mudzi muno? Ndinasesa. Ndinatereka tiyi wa anthu ambiri. Ndinadikira.

Wabwera Tuda yekha. Mbale ya hina m'manja, nkhope ngati akupita kukhoti. Wandikhazika pansi, wandipaka m'manja mochita kukanda. Pamapeto: "Usaganize kuti ndakukhululukira. Ndabwerera malemu. Chaka chija amuna anga anathyoka mwendo, anatithenera munda wonse, kulandira tiyi yekha." Kenako walira, ine ndalira, hina yense m'masaya, ngati ana oba uchi.

Ndamuuza za Itto. Wati ankadziwa, anandiona ndikumupatsa. Wati kwa Ghizlane sananene, mwana alibe mlandu. "Pita, chitsiru iwe. Mbuzi ndikama ndine. Koma mkaka ndimwa."

Ndanola mpeni ndi manja ofiira. Ndautsuka ndi mankhwala amene Ghizlane anasiya. Diresi lamaluwa likundikhwepa.

30 Meyi, Lachiwiri

Ku Tagbalut. Ndikulemba m'chipinda cha alendo, makapeti oti phazi kumira.

Pamlatho apolisi anatsitsa aliyense m'minibasi, kufufuza m'matumba. Mayi wina anamulanda tsache, akuti n'lamtengo. Wapolisi wapeza mpeni wanga: "Amayi, mukukapha ndani?" Ndati amuna anga. Waseka, wandibwezera.

Itto wanenepa kumaso. Wandikokera pabwalo ndisanaike chikwama pansi. Ndipo ndinakaona. Kansalu kachikasu, pamwamba pake mphukira zonenepa, masamba onyezimira, opanda banga. Ndazungulira, ndasuzumira pansi pa tsamba lililonse, ndanunkhiza. Palibe. Mumtima ndinati ndikasiye. Kamodzi kokha, Mulungu wanga, kamodzi, munthu uja asagone m'manda wopanda kanthu. Mpeni unali m'thumba, ndinachotsapo dzanja.

Chakudya chamasana nyama ya nkhosa, ulemu umene sindinaulandirepo. Asewere aakazi kundisankhira mnofu ndi dzanja lawo. A Haji anabwera kudzandilonjera kuchipinda cha amayi. Ndevu zoyera, ndodo, mawu ofewa. Ndi munthu wabwino, ndipo ichi ndiye chikupweteka.

"Asewere, mphatso yanu ija sitinadye tokha."

Ndati bwanji.

Akuti kanthambi kanali katali, kukanakhala kuwononga kukaika pamtengo umodzi. Pabwalo anaikapo nsonga yokha ndi nsalu yake, kuti Itto aziona bambo ake akamasesa. Kotsalako anaitanira mmisiri, anakadula diso limodzilimodzi, diso lililonse kulimezanitsa pamtengo wake. Ena m'munda mwawo, ena kwa ang'ono awo, ena kwa mnansi amene anapempha. "Sadaka ya munthu ngati Bassou siyenera kuthera pakhomo limodzi. Pano ali paliponse m'chigwa chino." Akunena akumwetulira, dzanja pachifuwa.

Ndafunsa kuti mitengo yake ndi iti, ndikaione. Aseka. Nsalu inali imodzi. Enawo anamanga ndi ulusi wamba, ngati mitengo ina yonse imene anamezanitsa chaka chino, ndipo ndi yambirimbiri. Mmisiriyo anali wongodutsa, wa kumwera, anapita kale. "Mulungu akuidziwa, asewere. Si ndiye mwini kuwerengera?"

Ndati amina.

31 Meyi, Lachitatu

Nditaswali m'mawa ndapempha Itto andionetse munda. Mizere, mizere, mpaka kumtsinje. Timaapozi ngati mazira a njiwa. Iye akulankhula za dzina la mwana, ine maso m'mwamba.

Sitinapite patali. Nsonga yakuda, yopinda mutu, ulusi wamba mmunsi mwake. Patsogolo ina, pamtengo woti sunakhudzidwe ndi mpeni n'komwe. Itto anangoithyola akuyenda, osaleka kulankhula, napukutira zala pamasamba a mtengo wotsatira.

Ndinamugwira dzanja. Ndinamukhazika pansi pomwepo, ndinamuuza zonse. Nkhalamba, dzenje, utsi, tinsalu pachitseko, bodza langa.

Sanalire msanga. Anayang'ana zala zake. Kenako: "Amayi, musanene. Palibe akudziwa. Chiwawu chimabwera chokha, anthu adzati mphepo." Anandigwira diresi ngati ali wamng'ono. "Andibweza, Amayi. Mwana atenga, ine andibweza."

Ndinamukumbatira. Sindinalonjeze, sindinakane. Tinabwerera. Panjira tinadutsa kamunda kakang'ono ka mnansi uja anapempha diso limodzi. Mkazi wake ali pampanda, ana awiri m'miyendo, kundilonjera ndi manja awiri, akuti ndinu akazi a malemu aja, Mulungu awalipire. Kunonso kuli a Tuda awo.

Mpeni wanga ulibe ntchito kuno. Ndingadule mpaka kufa.

Ndalowa m'chipinda, ndatseka chitseko, ndaimbira Ghizlane. Sanandikalipire. Wati afika mawa m'mawa ndi anzake, akayamba msanga mwina theka la chigwa lipulumuka. Wati mtengo wa pabwalo la a Haji uja nawo auzula, ngakhale ndi wobiriwira. "Auzeni eni ake lero, azakhali. Amve kwa inu, asamve kwa penti."

A Bassou, mitengo yanu yonse ndaipereka. Mukandifunse ndikabwera.

Itto sakudziwa kuti ndaimba foni. Ali kukhitchini, ndikumva mbale. Sakuimba nyimbo ngati dzulo.

A Haji akuchokera kumzikiti, ndodo ikumveka pamiyala. Ndiwauza kuti mwanayu sanadziwe kanthu. Anadula ndine, anamanga ndine, ananama ndine. Wofuna kumubweza abweze ine. Koma ine alibe kondibweza, wokhala m'nyumba mwawo ndi iye.

Akuvula nsapato pakhonde. Akuseka ndi wina. Akuitana Itto kuti abweretse tiyi, akufunsa ngati asewere auona munda, ngati wawasangalatsa.